Phunziro 7: Tiphunzitse Ana Athu Kudziwa Nthawi

CHOLINGA CHA PHUNZIROLI

Pomaliza pa phunziroli tithe kuchita izi:

1. Kusiyanitsa nthawi ya dzuwa ndi nthawi ya wotchi.
2. Kufotokoza chifukwa chake kudziwa nthawi kumateteza ufulu wa munthu.
3. Kupanga wotchi yophunzirira ndi zinthu zopezeka pakhomo, ndi kuphunzitsa mwana pang'onopang'ono.

Kwa wotsogolera zokambirana: bweretsani katoni, khala, mbale yozungulira, msomali, timitengo tiwiri, timiyala 60 ndi foni kapena wotchi yolondola. Phunziroli ndi la makolo onse a m'mudzi, Akhristu ndi Asilamu omwe, odziwa kuwerenga ndi osadziwa omwe.

MAU OYAMBA

Ife anthu a m'mbali mwa nyanja timadziwa nthawi kuyambira kale. Msodzi safunsa munthu kuti akankhe liti bwato lake. Amayang'ana mwezi, amamvera mphepo, ndipo amadziwa kuti usipa umabwera bwino ku nyali mwezi ukakhala mumdima. Mayi amadziwa nthawi yoteleka mphika poona pamene chithunzithunzi cha nyumba chafika. Makolo athu ankapangana ulendo pongonena kuti anyamuka tambala wachiwiri, ndipo panalibe wotsala. Nzeru zimenezi ndi chuma chathu, tisazitaye.

Koma moyo wa masiku ano uli ndi mbali inanso. Sukulu, chipatala, khoti, banki ndi malo oponyera voti sizitsata tambala kapena chithunzithunzi. Zimatsata wotchi. Munthu wosadziwa kuwerenga wotchi amafika zitseko zitatsekedwa, ndipo akanamizidwa pa nkhani ya maola alibe poyambira kutsutsa. Ndi chifukwa chake nkhani yooneka yaing'onoyi taiika m'buku lonena za ufulu ndi udindo wa nzika.

Ambiri a ife timaganiza kuti kuphunzitsa nthawi ndi ntchito ya aphunzitsi. Zoonadi ana amaphunzira za wotchi pa masamu kusukulu. Koma mphunzitsi mmodzi ali ndi ana ambirimbiri m'kalasi, ndipo phunziro la wotchi limabwera masiku ochepa chabe pa chaka. Kunyumba nthawi timakhala nayo tsiku lonse. M'mera mpoyamba.

TIONE ZIMENE ZIMACHITIKA

Tiyerekeze banja lina la m'mudzi wa tsidya la kum'mawa kwa nyanja, njira ya ku Makanjira. M'banjamo muli mtsikana wa Sitandade 2. Amayi ake adamuikira lamulo labwino: kukangotuluka dzuwa adzuke, asese pabwalo, akatunge madzi, asambe, adye phala, kenaka anyamuke. Ntchito zonsezi zimamutengera ola limodzi ndi theka. Ulendo wa kusukulu ndi wa mphindi 45, ndipo belu limalira 7:30.

M'mwezi wa Novembala zonse zimayenda bwino. Mtsikanayu amadzuka 5 koloko, amanyamuka 6:30, ndipo amafika kusukulu 7:15, belu lisanalire. Pofika mu Juni ndi Julayi akuyamba kuchedwa tsiku ndi tsiku. Akufika anzake atatha phunziro loyamba, ndipo m'malo molowa m'kalasi akuyamba wagwira chibalo. Kunyumba amayi akumukalipira.

"Iwe, umasewera kuti panjira? Kale sunkachedwa ayi."

"Amayi, sindisewera. Ndimayenda ngati kale lomwe."

Kodi wolakwa ndani? Mwanayu akunena zoona. Amayi akenso sadasinthe lamulo lawo. Chimene chasintha ndi dzuwa. Mu Julayi likutuluka itangopitirira 6 koloko, choncho mwana akunyamuka cha m'ma 7:35 ndi kufika 8:20. Wataya mphindi 50 patsiku. Pa sabata wataya maola opitirira anayi, ndipo ndi maola a m'mawa, pamene mutu wa mwana umagwira bwino. Zikapitirira chonchi mwana amayamba kulephera, amachita manyazi, ndipo ena amasiyira pomwepo sukulu. Pakhomopo pali foni imene imaonetsa nthawi, koma palibe adaganizapo zomuonetsa mwanayo.

NTHAWI YA DZUWA NDI NTHAWI YA WOTCHI

Dzuwa silituluka nthawi imodzimodzi chaka chonse. Kuno ku Mangochi, kumapeto kwa Novembala limatuluka cha m'ma 5 koloko. Mu Juni ndi Julayi, nyengo ya mwera, limatuluka itangopitirira 6 koloko. Kulowa kwakenso kumasintha: mu Juni limalowa cha m'ma 5:20 madzulo, pamene kumapeto kwa Januwale limafika mpaka cha m'ma 6:15. Usana wa mu Disembala ndi wa maola pafupifupi 13, koma wa mu Juni ndi wa maola 11 ndi mphindi zochepa. Midzi yokhala m'tsinde mwa mapiri imaliona dzuwa mochedwerapo kuposa pamenepa.

Palinso china chimene ambiri sitichidziwa. Timati dzuwa likafika paliwombo ndiye kuti yakwana 12 koloko. Kuno kwathu sizili choncho. Nthawi ya wotchi imene dziko lathu limatsata idayezedwa pa mzere wodutsa kumadzulo kwa Malawi, ndipo ife tili kum'mawa kwa mzerewo. Motero ku Mangochi dzuwa limafika pamwamba penipeni 12 koloko isanakwane. Mu Novembala limafika cha m'ma 11:25, ndipo mu Febuluwale cha m'ma 11:50.

Abale athu achisilamu amadziwa bwino kusinthaku, chifukwa nthawi za Swala zisanu zimatsata dzuwa. Kuitana kwa kumzikiti kwa m'bandakucha kumamveka msanga mu Novembala kusiyana ndi mu Julayi. Tsono kuitanako, monganso tambala, ndi kothandiza kudzutsa banja, koma sikungatiuze kuti belu la sukulu latsala ndi mphindi zingati.

Wotchi si chinthu chatsopano kuno. Boma la atsamunda lidakhazikitsa Fort Johnston, amene lero ndi Mangochi, mu 1891. Mu 1903 adamanga chipilala cha wotchi chokumbukira Mfumukazi Victoria, chimene chili pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Masiku amenewo wotchi inali ya boma, ya mishoni ndi ya sitima za pamadzi. Munthu wamba ankangomva belu ndi kumvera. Mwini wotchi ndiye ankanena kuti ntchito yayamba kapena yatha. Lero wotchi yalowa m'nyumba zathu kudzera m'mafoni ndi pa wailesi. Chatsala ndi chakuti ife ndi ana athu tidziwe kuigwiritsa ntchito.

KUDZIWA NTHAWI KUMATETEZA UFULU WATHU

Tiyeni tione malo asanu amene maola amagwirizana ndi ufulu wathu.

Kusukulu. Gawo 25 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Mu 1994 boma lidachotsa fizi ku pulaimale, ndipo ana opitirira miliyoni imodzi adawonjezereka m'sukulu zathu. Lamulo la Maphunziro la 2013 lidawonjezera kuti maphunziro a pulaimale ndi okakamiza. Koma mwana amene amafika phunziro loyamba litatha akulandira gawo chabe la ufulu wake.

Kuchipatala. Kuyambira mu 2007 mankhwala oyamba a malungo m'dziko muno ndi LA. Amamwedwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu. Akamwa koyamba, kachiwiri amamwa pakapita maola 8, kenaka m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatira. Ngati mwana wamwa koyamba 10 koloko m'mawa, kachiwiri amwe 6 koloko madzulo. Ngati wamwa 2 koloko masana, kachiwiri ndi 10 koloko usiku, nthawi imene dzuwa silingatithandize. Madzi a Thanzi ORS nawonso akasungunulidwa sayenera kupitirira maola 24. Amene ali pa mankhwala otalikitsa moyo amalangizidwa kumwa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. M'mabanja ambiri mwana wamkulu ndiye amatsala ndi wodwala makolo akapita kumunda kapena kudoko. Kodi mwana ameneyo amadziwa kuwerenga maola 8?

Pa chisankho. Pa zisankho za m'mbuyomu, monga za 2019, malo oponyera voti ankatsekedwa 6 koloko madzulo, ndipo ambiri tidazolowera kuti kuvota kumatha ndi dzuwa. Pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 malowa adatsegulidwa 6 koloko m'mawa ndi kutsekedwa 4 koloko madzulo. Pa nthawi imeneyo kuno dzuwa linali litatsala ndi ola ndi theka kuti lilowe. Munthu wodalira dzuwa akadatha kutaya voti yake kunja kukuwala.

Kupolisi ndi kukhoti. Gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati munthu akamangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti ligwire ntchito ngati maolawo athera pa nthawi imene khoti ndi lotseka. Kuti m'bale wathu athandizidwe ndi lamuloli, payenera kukhala wina wotha kunena kuti adatengedwa tsiku lakuti, nthawi yakuti.

Pa ntchito. Lamulo la Ntchito la 2000 limati maola ogwira ntchito masiku onse asapitirire 48 pa sabata. Ana athu akadzakula ena adzalembedwa ntchito m'mahotela a m'mbali mwa nyanja, m'masitolo ndi m'minda. Wosadziwa kuwerenga maola ake sangadziwe kuti wagwira opitirira, ndipo sangafunse malipiro ake.

TIPHUNZITSE BWANJI?

Tisafulumire. Mwana aliyense ali ndi liwiro lake, ndipo zaka zimene tatchula m'munsimu ndi zongotithandiza kuyerekeza. Mphindi 10 patsiku ndi zokwanira. Kuona maso a nkhono nkudekha.

1. Tiyambe ndi zimene mwana akuziona (zaka 3 mpaka 5)

Mwana wamng'ono sasowa manambala. Amafunika kudziwa kuti zinthu zimatsatana. Tizilankhula naye za tsiku lake: "Tayamba tasamba, tsopano tikudya phala, kenaka tipita kumjigo." Timuphunzitse maina a nthawi a m'chinenero chathu: m'bandakucha, m'mawa, masana, dzuwa litapendeka, madzulo, chisisira, usiku, pakati pa usiku. Amene amalankhula Chiyao pakhomo achite chimodzimodzi m'Chiyao. Tizimufunsa kuti, "Mabwato amabwerako nthawi yanji? Nkhuku zimalowa m'khola nthawi yanji?" Aphunzirenso dzulo, lero ndi mawa, kenaka masiku a sabata, powagwirizanitsa ndi zimene amaziona: Lachisanu kumzikiti, Lamulungu kutchalitchi, tsiku la msika, tsiku la sikelo. Pa gawo ili agogo ndiwo aphunzitsi oposa onse.

2. Tizike mtengo pabwalo

Tizike kamtengo kowongoka pamalo poyera pamene dzuwa limafika tsiku lonse. Foni kapena wailesi ikanena kuti yakwana 7 koloko, mwana aike mwala pamene pathera chithunzithunzi cha kamtengoko. Achitenso chimodzimodzi 9 koloko, 12 koloko ndi 3 koloko. Mawa lake aone ngati chithunzithunzi chikubwerera pa miyala ija. Pakatha mwezi umodzi adzapeza kuti chasuntha. Pamenepo timuuze kuti dzuwa limasintha njira yake, koma wotchi sisintha. Kuno kwathu, kuyambira pakati pa Febuluwale mpaka kumapeto kwa Okutobala, chithunzithunzi cha masana chimaloza kum'mwera. Masiku oyambirira a Novembala chimatsala pang'ono kusowa, chifukwa dzuwa limadutsa pamutu penipeni. Ana amakondwa kwambiri kuona zimenezi ndi maso awo.

3. Tipange wotchi yophunzirira (zaka 5 mpaka 7)

Tiike mbale pa katoni, tizungulize ndi khala, ndi kudula. Tilembe 12 pamwamba, 6 pansi, 3 kumanja ndi 9 kumanzere. Tikatero manambala otsala amalowa bwino m'mipata. Tiboole pakati ndi msomali. Ngati katoni palibe, tijambule pamchenga kapena pansi pakhonde.

Poyamba tiike muvi umodzi wokha, waufupi, umene umaonetsa maola. Ana ambiri amasokonezeka chifukwa timawapatsa mivi iwiri tsiku limodzi. Tiloze muviwo pa 6 ndi kunena kuti, "Sikisi koloko, nthawi yodzuka." Tiloze pa 7 ndi kunena kuti, "Seveni koloko, nthawi yonyamuka." Kenaka tiuike pakati pa 7 ndi 8 ndi kufunsa kuti, "Wadutsa nambala iti? Ukupita pa nambala iti?" Mwana akatha kuyankha kuti wadutsa 7 koma sunafike pa 8, wagwira chinthu chachikulu. Aonenso kuti muvi umayenda mbali imodzi yokha, kuchoka pa 12 kupita pa 1, ndipo subwerera m'mbuyo. Timuuzenso kuti umazungulira kawiri pa tsiku, ndi chifukwa chake pali 6 koloko ya m'mawa ndi 6 koloko ya madzulo.

4. Tiwonjezere muvi wautali (zaka 6 mpaka 8)

Muvi wautali ukazungulira kamodzi, muvi waufupi umasuntha nambala imodzi. Limenelo ndilo ola. Muvi wautali ukakhala pa 12 timati koloko. Ukakhala pa 6 wayenda theka la ulendo wake, ndipo timati hafu pasiti. Kuti mwana amvetse, tidule chigumu kapena papaya pakati, kenaka tidulenso zidutswazo pakati. Zidutswa zinayi zimenezo ndiwo makota. Muvi wautali ukakhala pa 3 ndi kota pasiti, kutanthauza kuti papita mphindi 15. Ukakhala pa 9 ndi kota tu, kutanthauza kuti kwatsala mphindi 15 kuti ola lina likwane. Mau amenewa ndi obwereka, choncho nthawi zonse tiziwamasulira, kuti mwana asamangoloweza zinthu zosazimvetsa.

5. Tiwerenge mphindi zisanuzisanu (zaka 7 mpaka 9)

Titenge timiyala 60, kapena tinkhono ta kunyanja, kapena mbeu za chimanga. Mwana aunjike tisanutisanu, monga amaunjikira tomato pamsika. Milu idzakwana 12. Aike mulu umodzi pa nambala iliyonse ya wotchi ndi kuwerenga: 5, 10, 15, 20, mpaka 60. Apa adzaona yekha kuti nambala iliyonse ili ndi ntchito ziwiri. Nambala 4 ikalozedwa ndi muvi waufupi ndi 4 koloko, koma ikalozedwa ndi muvi wautali ndi mphindi 20.

6. Tigwirizanitse ndi foni ndi wailesi

M'nyumba zambiri wotchi imene ilipo ndi ya pa foni, ndipo imaonetsa manambala okhaokha. Mwana angathe kutchula 7:15 osadziwa tanthauzo lake. Tizimuuza kuti aike mivi ya wotchi yake ya katoni mofanana ndi zimene foni ikuonetsa. Nambala ya kumanzere ndi ola, ya kumanja ndi mphindi. Mafoni ena amalemba AM kuyambira pakati pa usiku mpaka 12 koloko masana isanakwane, ndi PM kuyambira 12 koloko masana mpaka pakati pa usiku. Ena amawerenga mpaka maola 24, monga amachitira anzathu a ku Mozambique tikadutsa pa Chiponde kulowa ku Mandimba. Njira yake ndi yapafupi: nambala ikapitirira 12, tichotsepo 12. Motero 14:00 ndi 2 koloko masana, ndipo 19:30 ndi hafu pasiti seveni usiku.

Nthawi ya pa foni imatha kusokonekera, makamaka batire likachotsedwa. Owulutsa mau pa MBC, Radio Maria, Radio Islam kapena Dzimwe amatchula nthawi kawirikawiri. Timupatse mwana udindo woona ngati foni ikugwirizana ndi wailesi.

Mabanja ambiri a kuno ali ndi abale ku Joni. Nthawi ya ku Johannesburg ndi yofanana ndi yathu, monganso ya ku Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe. Ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Ngati bambo alonjeza kuimba foni 7 koloko usiku, mwana aike mivi yake pa 7 ndi kudikira. Phunziro lotere saliiwala.

7. Mwana adziwe kutalika kwa nthawi

Kuwerenga wotchi kokha sikukwanira. Mwana ayenera kudziwanso kuti mphindi 10 ndi zazitali bwanji. Tiyese naye zinthu za tsiku ndi tsiku. Madzi a nsima amatenga mphindi zingati kuti awire? Kupita kumjigo ndi kubwerako? Kusamba? Loweruka lina tiyende naye mpaka kusukulu titatenga foni, tione nthawi yonyamukira ndi yofikira. Tikatero tiwerengere chobwerera. Ngati belu limalira 7:30 ndipo ulendo ndi wa mphindi 45, mwana anyamuke 6:40 kuti atsale ndi mphindi zisanu. Tijambule wotchi yoonetsa 6:40 ndi khala pakhoma pafupi ndi chitseko. Banja la mtsikana uja likadachita zimenezi, mkangano wonse uja sukadakhalapo.

ZOLAKWITSA ZIMENE TIZIYEMBEKEZERA

Nthawi ikakhala 7:50, ana ambiri amati ndi 8:50, chifukwa muvi waufupi wayandikira 8. Timufunse modekha kuti, "Kodi wafika pa 8, kapena ukadali m'njira?" Ena amasinthanitsa mivi. Tipake muvi waufupi khala kuti usiyane ndi unzake. Enanso amaganiza kuti ola lili ndi mphindi 100, poti adazolowera kuwerenga ndalama. Tibwerere ku timiyala tija 60.

Mwana akalakwitsa tisamumenye kapena kumuseka pamaso pa anzake. Mwana wamantha amangolota yankho kuti asiyidwe. Akakhoza timuyamikire, ndipo timupatse ntchito yeniyeni: "Ikakwana 4 koloko undiuze ndikatembenuze usipa pathandala." Mwana akaona kuti banja likudalira iye, amaphunzira msanga.

NANGA KHOLO LIKAKHALA LOSADZIWA KUWERENGA?

Ena a ife sitidapite kusukulu, ndipo tingaganize kuti phunziroli si lathu. Tisadzichepetse. Wotchi ili ndi manambala 12 okha, ndipo ambiri a iwo timawadziwa kale pa ndalama ndi pa foni. Magawo awiri oyamba aja safuna kulemba konse. Pa magawo enawo tipemphe mwana wamkulu, mnansi, mphunzitsi wa sukulu ya kwacha, katekisiti kapena mwalimu wa kumadrasa kuti atithandize, ndipo tiphunzire limodzi ndi mwanayo. Palibe chochititsa manyazi pamenepa. Safunsa adadya phula. Mabanja opanda foni agwirizane ndi anansi awo, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

UDINDO WATHU AKULUAKULU

Kuphunzitsa mwana wotchi kulibe phindu ngati ife tomwe tikumulanda nthawi yake. Tiyeni tidzifunse moona mtima. M'mabanja ambiri mtsikana ndiye amasesa, kutunga madzi ndi kutsuka mbale asanapite kusukulu, pamene mlongo wake amangosamba ndi kunyamuka. Tiyese ntchito zimenezi ndi wotchi, tione kuti aliyense akutaya mphindi zingati, kenaka tiwagawire mofanana. Ntchito zina zingathe kugwiridwa madzulo.

Anyamata nawonso ali ndi vuto lawo. Ena amachezera kudoko kuthandiza kukoka makoka, ena amakhalitsa ku mavidiyo, ndipo m'mawa amasinza m'kalasi kapena sapita n'komwe. Akatswiri a zaumoyo amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12. Mwana wodzuka 5:30 ayenera kukhala atagona pofika 8:30 usiku. Lamulo la Ntchito lija limaletsanso kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Ndalama ya usiku umodzi kudoko ndi yokoma, koma imadya tsiku lonse la sukulu.

Ana amaphunziranso poona ife. Msonkhano wa chitukuko cha m'mudzi ukaitanidwa 2 koloko, kawirikawiri umayamba 4 koloko. Amene adasunga nthawi ndiwo amalangidwa podikira. Pofika pa mfundo zazikulu, monga za ndalama za mjigo kapena za kusankha komiti, dzuwa lapendeka ndipo amayi anyamuka kukaphika. Mfundo zimamangidwa ndi anthu ochepa otsala, ndipo mau a amayi samveka. Kuchedwa kwa atsogoleri kumalanda anthu ufulu wolankhulapo pa za mudzi wawo. Nzika yodziwa nthawi ili ndi mphamvu yofunsa mwaulemu chifukwa chake msonkhano, kalasi kapena ofesi sizidayambe pa nthawi yake.

Sitikunena kuti wotchi iposa munthu. Pakagwa maliro kapena matenda timasiya zonse ndi kuthamangira kumeneko, ndipo ana athu aphunzirenso zimenezo. Tikunena kuti kusunga nthawi ndi njira imodzi yolemekezera anzathu, pakuti nthawi yawo ndi yamtengo ngati yathu.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi m'mudzi mwathu muno timadziwira chiyani nthawi? Ndi njira ziti zimene zimasintha ndi nyengo?
2. M'nkhani ya mtsikana uja, amayi ake akadachita chiyani? Nanga aphunzitsi ndi komiti ya sukulu akadachitapo chiyani?
3. Kodi alipo pakati pathu amene adatayapo mwayi chifukwa chosadziwa kapena chosasunga nthawi? Afotokoze popanda kutchula maina a anthu.
4. Pakhomo pathu, mtsikana amagwira ntchito mphindi zingati asanapite kusukulu? Nanga mnyamata?
5. Misonkhano yathu imayamba nthawi yanji poyerekeza ndi nthawi imene idalengezedwa? Ndani amavutika ndi kuchedwako?

Magulu a m'miphakati angathe kuwerenga Mlaliki 3:1-8 asanayambe kukambirana.

ZOTI TICHITE SABATA INO

1. Banja lililonse lipange wotchi ya katoni, ndipo mwana alembe yekha manambala ngati angathe.
2. Tizike kamtengo pabwalo ndi kuika miyala inayi.
3. Tiyese ndi foni kutalika kwa ulendo wa kusukulu, ndi kujambula pakhoma nthawi yonyamukira.
4. Tipeze mabanja opanda foni kapena wailesi, ndi kugwirizana za amene aziwathandiza.
5. Tisankhe munthu mmodzi wosunga nthawi m'gulu lathu. Msonkhano wotsatira udzayambe pa nthawi imene tapangana, ngakhale atafika anthu asanu okha.

Pa msonkhano umenewo aliyense adzabwere ndi wotchi imene wapanga ndi mwana wake, ndipo adzatifotokozere pamene afika ndi pamene pakuwavuta.